Nandolo wa ku Namwera ndi Malamulo a Maiko Akutali

M'mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2017, boma la India linatulutsa chidziwitso chachifupi chokhudza katundu wolowa m'dzikolo. Chidziwitsocho chinati nandolo wogulidwa kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Palibe mfumu ya m'boma la Mangochi imene inafunsidwa maganizo, ndipo sitikhulupirira kuti alipo mlimi wa ku Namwera, ku Katuli kapena ku Chilipa amene anamva za chidziwitsochi pa tsiku limene chinatuluka. Koma pasanapite milungu yambiri, aliyense wa iwo anali atachimva m'thumba mwake. Ogula aja, amene chaka chapitacho ankalimbirana nandolo mpaka kumulondola m'midzi pa njinga zamoto, anangoti zii. Ochepa amene anapachikabe sikelo zawo pansi pa mtengo wa mango ankatchula mtengo wosabweza ndi thukuta lomwe. Ife amene tinkayendera nthambi za parishi m'nyengo imeneyo tikukumbukirabe matumba ataunjikidwa pakhonde, anankafumbwe akuchita nawo phwando, mwini wake akusowa choti amuuze mwana wobwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Ichi ng'oma chinayimba ndithu, kungoti inalira ku New Delhi, kumene khutu la mlimi wathu silifika.

Tayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa ambiri mwa ife, ansembe ndi aseminale, ndife ana a alimi, ndipo anthu amene tidzawatumikira moyo wathu wonse amadya za khasu ndi za ukonde. Tikamva zakuti pali ndondomeko za ulimi za dziko lonse lapansi, timaganiza kuti imeneyo ndi nkhani ya akatswiri ovala masuti ku Geneva ndi ku Washington. Tifuna kuonetsa pano kuti ndondomekozo zinalowa kale m'nkhokwe ya Mkhristu ndi ya Msilamu wa kuno kunyanja, ndipo wansembe amene sazimvetsa adzalalikira zodzudzula ulesi pamene vuto si ulesi, kapena zolimbikitsa kupirira pamene pakufunika chilungamo.

Chifukwa chiyani India anatseka khomo?

Nandolo ndi mbewu yochokera ku India komweko, ndipo anafika kuno kalekale kudzera m'malonda a pa nyanja yamchere. Amwenye amamudya tsiku ndi tsiku ngati chipere, chimene iwo amati dal. Dziko lawo ndilo limalima nandolo wochuluka koposa onse, komanso ndilo limagula wochuluka koposa onse. Mu 2014 ndi 2015 mvula inavuta kumeneko zaka ziwiri zotsatizana, ndiwo zinakwera mtengo, ndipo amalonda anathamangira ku Tanzania, ku Mozambique ndi ku Malaŵi. Alimi athu ataona mtengo wa zaka zimenezo anachita chimene munthu aliyense wanzeru akadachita: anakuza minda ya nandolo, ena mpaka kuchepetsa chimanga. Koma nalo boma la India silinagone tulo. Linalimbikitsa alimi ake powalonjeza mtengo wokwera, mvula inagwa bwino, ndipo m'nyengo ya 2016/17 anakolola nandolo wochuluka kuposa kale lonse. Mtengo unagwa m'misika yawo, alimi awo anadandaula, tsono boma lawo, limene limalowa pampando ndi mavoti a alimi omwewo, linatseka khomo.

Tisafulumire kunena kuti India ndiye mfiti ya m'nkhani ino. Mlimi wa nandolo wa ku Maharashtra nayenso ndi mmphawi, ali ndi ngongole, ali ndi ana, ndipo boma lake pomuteteza linachita ntchito imene boma limakhalirapo. Funso loyenera n'lakuti, nanga wathu uja bwanji analibe womuteteza? Apa anzathu a ku Mozambique anatiposa nzeru. Mu Julaye 2016, nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, ili ku Maputo, maiko awiriwo anasainirana mgwirizano wakuti India azigula nandolo wa ku Mozambique chaka ndi chaka, muyeso wake uzinka nukwera kufikira matani 200,000. Mlimi wa ku Mandimba ndi wa ku Chiponde amalankhula Chiyao chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro, ndipo minda yawo imangolekana ndi kanjira. Koma mu 2017 nandolo wa wina anali ndi chikalata chomulowetsa ku India pamene wa mnzake analibe. Sitikunena kuti ku Mozambique mtengo sunagwe ai, unagwa ndithu. Koma khomo lawo silinatsekedwe lonse. Dziko lathu linadzapeza mgwirizano wotere mu 2021, wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu, chaka chomwecho chimene India, atasowanso ndiwo, anamasula malire a nandolo wolowa. Mbewu imene wogula wake wamkulu ali mmodzi yekha imamuika mlimi m'manja mwa mvula ya dziko lina ndi zisankho za dziko lina.

Mlimi wathu sanakhalepo payekha

Pali maganizo ena okoma m'khutu akuti makolo athu ankalima paokha, osakhudzidwa ndi maiko akutali. Mbiri ya kuno ikutsutsa zimenezo. Chimanga, chinangwa, mtedza, mbatata ndi fodya, zonsezi zinachokera ku America. Amalonda a Chiyao ankayenda kuchokera kwa Mponda ndi kwa Makanjira kukafika ku gombe la nyanja yamchere, ndipo tonse tikudziwa kuti pakati pa katundu wawo panali minyanga ya njovu, panalinso anthu. Angerezi atamanga Fort Johnston mu 1891, imene lero ndi Mangochi, unabwera msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo unakankhira anthu ku thangata ndi ku ulimi wa thonje lofunika m'mafakitale a ku Lancashire.

Titalandira ufulu, chingwe chinagwiridwa ndi boma lathu. Bungwe la ADMARC, limene linakhazikitsidwa mu 1971, linali ndi nkhope ziwiri, ndipo amene amalikumbukira ndi chikondi chokha kapena ndi mkwiyo wokha sanena zoona zonse. Linali ndi misika kufikira kumidzi yakutali, mtengo wake unkadziwika, ndipo pa njala munthu ankadziwa kokagula chimanga. Komabe linkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika poyerekeza ndi umene linkagulitsira kunja, ndipo phindu lambiri linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani. Nthawi yomweyo lamulo linkaletsa mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale, amene ndiye anali ndi ndalama. Amene ankafuna kumugwira fodyayo anayenera kukalowa utenanti, monga m'maesiteti a ku Namwera.

Kuyambira 1981 dziko lathu, litapanikizika ndi ngongole, linayamba kulandira ndalama za World Bank ndi IMF zokhala ndi malamulo ake: boma lichotse dzanja pa msika. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu za alimi, ndipo misika ina ya ADMARC inatsekedwa. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, chimene chinali chilungamo chochedwa. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika uziipatsa mphamvu, ndipo pofika pakati pa zaka zomwezo thandizo lotsitsa mtengo wa feteleza linali litachotsedwa. Walira mvula walira matope. Akatswiri ankayembekeza kuti ADMARC ikachoka padzabwera amalonda ambiri opikisana. Koma kumene msewu uli woipa, monga njira ya ku Makanjira m'dzinja, kunabwera wogula mmodzi ndi sikelo yake, mtengo n'kumanena yekha. Ndipo njala ya 2001/02 inatipeza nkhokwe za dziko zili pululu. Bungwe la IMF linalangiza kuti chimanga chosungidwa chichepetsedwe pofuna kubweza ngongole, oyang'anira kuno kwathu anagulitsa pafupifupi chonse, ndipo anthu anafa. Mlandu wa chaka chimenecho sungakhale wa akunja okha.

Zimene zili m'thumba la feteleza

Titenge thumba limodzi la urea, tilimasule ndi maganizo. Mchere woyera uli m'menemo amaupanga pogwiritsa ntchito gasi wa pansi pa nthaka, kotero mtengo wake umatsata mtengo wa gasi. Dziko lathu silipanga urea. Amabwera pa sitima zapamadzi kudzatsikira ku Beira kapena ku Nacala, n'kutengedwa pa magalimoto kapena pa njanji, ndipo amalipiridwa ndi madola. Motero m'thumba limodzi muli zinthu zitatu zimene mlimi sangazigwire: mtengo wa gasi, mtengo wa mayendedwe, ndi mphamvu ya kwacha. Mitengo ya feteleza inayamba kukwera pa dziko lonse mu 2021, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022 inakwereratu, pakuti Russia ndi mmodzi mwa ogulitsa feteleza aakulu koposa. Pamwamba pa izo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi wa ku Lungwena amene sadziwa kumene kuli Kyiv analipira nawo nkhondo imeneyo.

Maboma athu akhala akuyesa kuyankha. Mu 1998 kunabwera timapaketi tija ta Starter Pack. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ngakhale ena mwa maiko otithandiza ankakayika. Zokolola za chimanga zinakwera, dzina la Malaŵi linamveka, ndipo maiko ena a mu Africa anatengerapo chitsanzo. Mu 2020 ndondomekoyi inakuzidwa pansi pa dzina la AIP, thumba likugulidwa pa K4,495. Koma mitengo ya kunja itakwera, mu 2022 mlimi ankalipira K15,000 ndipo chiwerengero cha opindula chinachepetsedwa. Matani 20,000 a feteleza amene kampani ya ku Russia inapereka ngati mphatso anaperekedwa mu Malichi 2023, chimanga cha kuno chitamasula kale ngayaye.

Maganizo athu pa makuponi ndi awa. Amene amati boma lisathandize konse alimi ayambe ayang'ana kwawo: maiko a mu European Union akhala akuthandiza alimi awo kuyambira 1962, ndipo thandizolo limatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za mgwirizano wawo, nalo dziko la United States limachita chimodzimodzi. N'kovuta kumvera mlaliki woletsa mowa amene mkamwa mwake mukununkha kachasu. Koma nafenso tisadzinamize. Mu 2003, ku Maputo, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 10 peresenti ya ndalama za boma ku ulimi. Dziko lathu linafikira muyeso umenewu zaka zambiri, koma gawo lalikulu linkathera m'thumba la feteleza, kusiya alangizi ali ochepa ndi opanda njinga, kafukufuku akuwonda, ulimi wothirira ukuyenda pang'onopang'ono. Feteleza wa chaka chino amatha chaka chino. Nthaka yamchenga ya m'mbali mwa nyanja, ikasowa manyowa ndi zinyalala zowolerana, siyankha feteleza monga momwe pepala la katswiri limanenera. Ndiponso kuponi inasanduka chida cha ndale, ndi gwero la udani m'midzi, pamene mndandanda wa maina ukuwerengedwa ndipo mkazi wamasiye sakumva lake.

Thonje ndi fodya

Bungwe loona za malonda pa dziko lonse, la WTO, linayamba mu 1995, ndipo dziko lathu linalowa chaka chomwecho. Mgwirizano wake wa zaulimi unalonjeza msika wofanana kwa onse, koma unasiyira maiko olemera mpata wopitiriza kuthandiza alimi awo ndi ndalama zochuluka. Thonje ndilo linaonetsa poyera kukondera kumeneku. Mlimi wa thonje wa ku United States, pokhala ndi thandizo la boma lake, amatha kulimabe ngakhale mtengo utagwa, ndipo thonje lakelo likachuluka pa msika limagwetseratu mtengo wa onse. Mu 2003, pa msonkhano wa ku Cancún, maiko anayi osauka, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anaimirira n'kudandaula za nkhaniyi. Dziko la Brazil linasumira United States ku WTO ndipo linapambana mu 2005. Mu 2015, ku Nairobi, maiko anagwirizana kuthetsa thandizo lotsitsa mtengo wa mbewu zotumizidwa kunja. Koma thandizo la m'kati mwa dziko, limene ndilo lalikulu, silinathe. Tsono mlimi wa ku Nankumba kapena ku Chilipa, amene wapopera mankhwala kangapo dzuwa likuswa mtengo, akapita ndi thonje lake kumsika amapikisana ndi chuma cha boma la dziko lina. Thonje lomwelo likatuluka, limabwerera kwa ife ngati kaunjika. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead, imene inkalemba anthu zikwi zingapo ku Blantyre, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Tisaloze chala patali: malaya ambiri amene tavala pansi pa mikanjo yathu tinawatola pa mulu womwewo.

Nkhani ya fodya ndi yovuta mwa mtundu wina, chifukwa apa lamulo la maiko likunena zoona, koma likupweteka ife. Fodya amapha anthu; zimenezi sitingazikane. Mu 2003 maiko a m'bungwe la zaumoyo la WHO anavomereza pangano lochepetsa kusuta, ndipo dziko lathu, litazengereza zaka makumi awiri, linalowa m'panganolo mu 2023. Pa 1 Novembala 2019 dziko la United States linalamula kuti fodya wa ku Malaŵi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana, ndipo makampani anayenera kutsimikiza kuti fodya wawo ndi woyera pa mlandu umenewu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Tivomereze mwamanyazi kuti kulira kwa matenanti kunamveka msanga pamene kunakhudza msika wa kunja kusiyana ndi pamene kunkamveka m'midzi mokha. Komabe fodya yemweyo ndiye mbewu imene imabweretsa ndalama zakunja zochuluka koposa, zimene timagulira mankhwala, mafuta ndi feteleza. Ndipo si ochepa pakati pathu amene anafika ku seminale ndi ndalama ya mabelo. Kuuza mlimi kuti asiye fodya usanamuonetse mbewu ina yokhala ndi msika wodalirika n'kumuuza kuti atsike m'bwato pakati pa nyanja. Ambiri amene anamvera uphungu wotere anathawira ku nandolo, ndipo taona kale chimene chinawaonekera.

Kuti tisakhale okondera, tikumbukenso ntchito ya Kudzigulira Malo, imene World Bank yomweyo inathandiza kuyambira 2004 kufika 2011. Mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene tiyi anawapanikiza, anapeza minda ya mahekitala pafupifupi awiri banja lililonse pa malo ogulidwa kwa eni maesiteti, makamaka m'maboma a Mangochi ndi Machinga. Ambiri anayamba kukolola chakudya chokwanira. Ena anavutika ndi kutalika kwa chipatala, sukulu, madzi ndi msika, ndipo ena anabwerera. Maparishi athu ena anakula ndi Akhristu obwera m'njira imeneyi.

Munda, nyanja ndi ulendo wa ku Joni

Kuno kwathu munda ndi nyanja ndi nkhokwe ziwiri za banja limodzi. Munda ukakanika, anthu amathamangira ku nyanja, ndipo nyanja ikalemedwa nayo imatopa. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha mphamvu pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka mu 1993 kunayambitsidwa makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake azisunga malamulo. Nyengo nayo yasokonekera. Namondwe Ana anaomba mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Mu 2024 ng'amba inapsereza minda kotero kuti boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera n'kumiza nyumba ndi madimba m'mbali mwa gombe la Mangochi. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zimene zinayamba kuononga chimanga chathu m'nyengo ya 2016/17, nazo zinachokera ku America. Utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi ndi wochepa kwambiri umene watuluka kuno. N'chifukwa chake thumba lolipira zoonongeka, limene maiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022, sitiliyesa mphatso koma ngongole. Munda ndi nyanja zikakanika zonse ziwiri, mnyamata amakwera basi ya ku Joni, monga agogo ake ankakwerera ndege ya Wenela; ndipo kuyambira mu Novembala 2023 ena anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ndalama zimene amatumiza zimagula malata ndi feteleza, koma khasu latsala m'manja mwa amayi ndi okalamba.

Kodi mtengo wolungama ndi uti?

Aseminale amene aphunzira filosofi adziwa kuti funso limeneli si latsopano. Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti kugula ndi kugulitsa kunakhazikitsidwa kuti kupindulire mbali zonse ziwiri, kotero kugula chinthu pa mtengo wochepera kufunika kwake, podyerera kusowa kwa mwini wake, ndi kulakwira chilungamo. Ena amayankha kuti mtengo uliwonse umene anthu awiri agwirizana mwaufulu ndi wolungama. Koma ufulu umenewo tiuyese. Mayi ali ndi thumba la nandolo, mwana ali ndi malungo, wogula m'mudzimo ndi mmodzi, ndipo msika wina uli pa mtunda wa tsiku lathunthu. Akavomera mtengo, wavomera ndi pakamwa. Koma kodi akadatha kukana? Kuvomera kumene kulibe mpata wokana kuli pafupi ndi kukakamizidwa kusiyana ndi pangano.

Papa Leo XIII anagwiritsa ntchito ganizo lomweli pa malipiro a antchito m'kalata yake Rerum Novarum ya 1891, chaka chomwe Fort Johnston inamangidwa. Papa Yohane XXIII, mwana wa alimi osauka iye mwini, anapatula gawo lalikulu la Mater et Magistra ya 1961 kukamba za ulimi monga ntchito yotsalira m'mbuyo, yofunika mitengo yotetezedwa, ngongole zopepuka ndi mabungwe a alimi. Ndipo Papa Paulo VI, mu Populorum Progressio ya 1967, anakweza mfundoyi kufika pa malonda a pakati pa maiko: ngati mbali ziwiri zasiyana mphamvu kwambiri, kugwirizana kwawo pakokha sikutsimikiza kuti panganolo ndi lolungama. Chiphunzitso chimenechi sichidana ndi msika. Chimangofuna kuti msika ukhale ndi mpanda, monga bwalo la milandu limakhala ndi mfumu yoonetsetsa kuti wamphamvu asatseke pakamwa wofooka.

Apa pali msampha umene ife alaliki timagwamo kawirikawiri. N'kosavuta kudzudzula Washington pa guwa, pakuti Washington sadzatiyankha. N'kovuta kunena za sikelo yobera ya wogula amene amakhala pa benchi la kutsogolo ndipo anathandiza kugula malata a tchalitchi. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda a miyeso yonyenga, ndipo abale athu Asilamu, amene ndiwo ochuluka m'boma lino, ali nacho chiphunzitso cholimba pa nkhani yomweyi ya muyeso. Kupanda chilungamo kwa ku Geneva ndi kwa pansi pa mtengo wa mango ndi unyolo umodzi, ndipo mphete imene ili pafupi ndi dzanja lathu ndi yachiwiriyo.

Mipata imene ilipo

Mipata ilipo, ngakhale siili yaikulu monga amanenera pa misonkhano ya m'mahotela a ku Nkopola. Woyamba ndi nandolo yemweyo. Mizu yake imalowa pansi kotero amapirira ng'amba. Amaonjezera chonde m'nthaka popanda thumba la ku Beira. Masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo makata ndi chipere ndi chakudya chomanga thupi la mwana. Akatswiri a bungwe la ICRISAT pamodzi ndi a boma ku Chitedze anatulutsa mitundu yocha msanga, monga Mwaiwathualimi. Cholakwa cha 2017 sichinali kulima nandolo koma kumulimira wogula mmodzi. Banja limene limamudya, kumudyetsa nthaka, n'kugulitsa wotsala, silingagwe chagada ndi chidziwitso cha ku New Delhi. Momwemonso manyowa a Mbeya, amene alimi amapanga posakaniza feteleza pang'ono ndi gaga, phulusa ndi ndowe, ndi nzeru yochepetsa ukapolo wa dola.

Wachiwiri ndi msika wa anansi. Mgwirizano wa malonda a ufulu mu Africa monse unasainidwa ku Kigali mu 2018 ndipo unayamba kugwira ntchito mu 2021. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Liwonde ndi pa Nayuchi, pakhomo pathu penipeni, ndipo chipata cha Chiponde chimatilumikiza ndi chigawo cha Niassa. Koma chikalata sichithetsa mtima wotsekerana: mu 2025 dziko lathu linaletsa mbewu zina zochokera kunja, Tanzania anabwezera mu Epulo, ndipo katundu anaima pa malire kufikira atakambirana. Chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa, ntchito zambiri za ulimi ndi zaumoyo n'kuima mwadzidzidzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Wachitatu ndi madzi. N'chinthu chomvetsa chisoni kuona chimanga chikufota pa mtunda woti munthu akuona nyanja ndi maso. Sikimu ya mpunga ya Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800, imene inamangidwa ndi thandizo la Japan, yaonetsa kuti kuthirira n'kotheka, yaonetsanso kuti ngalande zimafuna bungwe la alimi lolimba lozisamala, apo ayi zimadzaza mchenga.

Nanga parishi ingachitepo chiyani? Siingasinthe malamulo a WTO, ngakhale Maepiskopi athu ndi mabungwe awo a CADECOM ndi a Chilungamo ndi Mtendere ali ndi mawu amene boma limamva, ndipo ayenera kufunsa kuti mapangano monga wa nandolo uja akukambidwa ndi yani, ndiponso ngati alimi ali nawo pa zokambiranazo. Koma parishi ili ndi zinthu zitatu zimene mlimi payekha alibe: nyumba yokhoma, anthu osonkhana kale m'miphakati, ndi kukhulupirika. Alimi makumi asanu akasonkhanitsa mbewu zawo m'chipinda chimodzi chouma, n'kudikira miyezi itatu, n'kuitana ogula atatu m'malo mwa mmodzi, mtengo umasintha. Vuto lake n'lakuti wosauka sangathe kudikira, choncho nkhokwe yotere iyenera kuyendera limodzi ndi banki m'khonde yomubwereka kandalama ka chipatala ndi fizi. Tichenjere ndi chinthu chimodzi: wansembe asasunge yekha ndalama za gululo, ndipo gululo lisakhale la Akatolika okha, pakuti wogula akapeza Asilamu a m'mudzi womwewo akugulitsa motchipa, nkhokwe yathu idzangokhala chakudya cha anankafumbwe. Pafunika kukhala pansi ndi mashehe ndi mafumu. Mafumu omwewo ndiwo angathe kulamula kuti mbuzi zisamasulidwe chimanga chikangokololedwa, chifukwa nandolo amakhala akadali m'munda, ndipo m'midzi yambiri mbuzi zamulanda mlimi zochuluka ndithu India asanamulande kanthu.

Ndipo pali kantchito kena kamene mphakati uliwonse ungayambe nyengo yokolola ikubwerayi popanda thandizo la kunja. Paketi ya shuga yosatsekula imalemera kilogalamu imodzi. Anthu awiri kapena atatu osankhidwa, pamodzi ndi nthumwi ya mfumu, aziyenda nayo pa tsiku la msika n'kuipachika pa sikelo ya wogula aliyense anthu akuona, asanayambe kuyeza matumba. Foni ya mmodzi wa iwo ikhale itafunsa kale mtengo wa tsikulo ku Liwonde ndi ku Limbe.